Zala za mwana zisanagwire pensulo

 Nkhani yathu lero ndi ya mwana wamng'ono amene akuvutika kulemba. Tiyeni tiyambe tamuyang'anitsitsa mwana ameneyu, chifukwa ambiri timamuweruza tisanamuone bwino. Wakhala pasimenti m'kalasi ya Sitandade 1, kope waliika pabondo, pensulo waifumbata ndi chikhatho chonse ngati mpini wa khasu. Lilime watulutsa pang'ono, phewa walikweza mpaka kukhutu, ndipo akudinikiza mwamphamvu moti nsonga ya pensulo yaboola pepala. Anzake afika kale pamzere wachitatu, iye akadalimbana ndi chilembo choyamba, chilembocho n'kutuluka chopendama, mwendo wake utadumpha mzere. Akafika kunyumba amva kuti ndi waulesi, kuti amalemba ngati nkhuku yapalasa padzala, mwinanso kuti mutu wake sugwira. Mfundo yanga lero ndi imodzi. Kawirikawiri mwana wotereyu mutu wake uli bwinobwino, koma dzanja lake silinakonzekere ntchito imene tikulipatsa. Dzanjalo limakonzeka ndi zinthu ziwiri: ntchito za zala zimene zili kale pakhomo pathu, ndi kuphunzitsidwa kulemba modekha, pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku. Chikwapu ndi mawu onyoza zilibe gawo pa ntchito imeneyi.

Kuti timvetsetse, tione mmene dzanja la munthu limakulira. Thupi la mwana limayamba kulimba pakati, nsonga n'kumalizira. Khosi ndi msana ndizo zimayamba, kenako phewa, chigongono, pamfundo ya dzanja, ndipo zala zimabwera pambuyo penipeni. N'chifukwa chake khanda limayamba kukupiza mkono wonse lisanathe kutola njere ya mpunga ndi zala ziwiri. Pamfundo ya dzanja pali timafupa 8, ndipo mwana amabadwa timafupati tikadali tofewa. Timauma kamodzikamodzi m'kupita kwa zaka, komaliza n'kudzauma mwana ali ndi zaka za pakati pa 8 ndi 12. Kagwiridwe ka cholembera nakonso kali ndi masitepe ake. Wa chaka chimodzi amafumbata, wa zaka 2 kapena 3 amagwira ndi zala zonse chikhatho chitayang'ana pansi, wa zaka 4 amayamba kugwira ndi zala zitatu koma akuyendetsabe dzanja lonse, ndipo cha m'ma zaka 5 mpaka 7 m'pamene zala zimayamba kuyendetsa pensulo pazokha, dzanja litakhazikika papepala. Ana ena amafika msanga pa sitepe imeneyi, ena mochedwerapo, monga momwe amasiyanirana pomera mano kapena poyamba kuyenda, ndipo palibe kholo limene limamenya mwana chifukwa choti mano achedwa.

Zimene dzanja lingathe kujambula nazonso zimabwera motsatana. Katswiri wina wa ku America, Keith Beery, anaika mndandanda umene akatswiri a kakulidwe ka ana amagwiritsabe ntchito. Mwana amayamba ndi mzere woimirira ali ndi zaka ngati 2, kenako wogona, chozungulira pa zaka 3, mtanda pa zaka 4, kenako chamakona anayi, ndipo mizere yopendekeka ndi chamakona atatu zimadza pomalizira, cha m'ma zaka 5 kapena kupitirirapo. Tsono taonani mawu athu a Chichewa: nkhuku, mwezi, dzuwa, khwawa, nyanja. Adzaza ndi k, w, z ndi y, zilembo za mizere yopendekeka yomwe ija imene dzanja limaiphunzira pomalizira. Zilembo zazikulu monga A, M, N ndi K zilinso chimodzimodzi. Mwana amene sanathe kukopera chamakona atatu tikamulamula kuti adzaze tsamba ndi mawu oti nkhuku, tikumuuza kuti afolere nyumba imene makoma ake sanakwere.

Wina anganene kuti kalembedwe ndi nkhani yaing'ono, bola mwana akumva zimene aphunzitsi akunena. Umboni ukutsutsa zimenezi. Virginia Berninger wa ku University of Washington anatha zaka zambiri akufufuza ana olemba, ndipo zimene iye ndi anzake anapeza n'zomveka ngakhale kwa ife amene si akatswiri. Maganizo a mwana ali ndi malire a katundu amene angasenze nthawi imodzi. Ngati mphamvu zake zonse zikuthera pokumbukira kuti chilembo ichi chimayambira pati n'kukhotera kuti, sipatsala malo oganizira zimene akufuna kunena. Chiganizo chimene chinali m'mutu chimathawa dzanja likadali panjira. Kafukufuku wina amene David Grissmer ndi anzake anafalitsa mu 2010 anapeza kuti luso la zala limene mwana ali nalo polowa sukulu limalosera mmene adzachitire pa masamu ndi kuwerenga m'zaka zotsatira. Kwathu kuno katunduyu amalemera kawiri. Mwana wa ku Mpamba m'boma lino la Nkhata Bay wakula akuyankhula Chitonga pakhomo, ndipo kusukulu akukaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Chichewa ndi m'Chingelezi. Khutu likulimbana ndi mawu achilendo, pomwe zala zikulimbana ndi pensulo. Ndipo kutsogolo kwake kuli mayeso a MANEB a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4, onse olemba pamanja, nthawi ili yowerengeka. Wolemba mochedwa amasiya mafunso amene mayankho ake amawadziwa.

Nanga n'chifukwa chiyani ana ambiri amafika kusukulu dzanja lisanakonzeke? Zifukwa zina zili m'thupi. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira, ndipo kupinimbira sikukhudza msinkhu wokha, kumachedwetsanso kakulidwe ka ubongo ndi minyewa. Malungo aakulu ogwira ubongo, amene dera lathu la m'mbali mwa nyanja limawadziwa bwino, amasiya ena mwa ana opulumuka ali ndi vuto la kayendetsedwe ka manja kapena la kuphunzira. Ana obadwa masiku asanakwane nawonso amachedwerapo kawirikawiri pa luso la zala. Zifukwa zina zili m'mmene timakhalira. Sukulu za mmera mpoyamba sizinafikire mwana aliyense, choncho alipo ambiri amene pensulo amaigwira koyamba tsiku lolowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, makalasi oyambirira akhala odzaza koposa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri Sitandade 1 imapitirira pamenepo, ndipo madesiki akachepa amapita kwa akuluakulu a makalasi apamwamba. Wamng'ono amene akufunikira kwambiri pokhazikapo mkono ndiye amalembera pabondo. Mwa zifukwa zonsezi, palibe n'chimodzi chomwe chimene chili mlandu wa mwanayo.

Dziko lathu lili ndi muyezo wakewake wa kakulidwe ka ana. Madokotala otsogozedwa ndi Melissa Gladstone anakonza muyezo wotchedwa MDAT, umene unafalitsidwa mu 2010 utayesedwa pa ana a m'midzi ya m'Malawi momwe muno. Uli ndi zoyesa 136 zogawidwa m'zigawo zinayi: kayendetsedwe ka thupi lonse, luso la manja ndi zala, kuyankhula, ndi kakhalidwe ndi anthu. Anaukonza chifukwa miyezo yochokera kunja imafunsa mwana wa kumudzi za zinthu zimene sanazionepo, n'kumuyesa wochedwa pomwe ali bwinobwino. Phunziro limene tikutolapo ndi loti luso la zala ndi mzati umodzi mwa mizati inayi ya kakulidwe ka mwana, ndipo lingayesedwe ndi kukulitsidwa ndi zinthu zakwathu konkuno, popanda kudikira zidole za m'sitolo za ku Mzuzu.

Taonani masewera a phada. Ana akumba kadzenje, athiramo timiyala, wina aponya mwala m'mwamba, ndipo mwalawo usanagwe, dzanja lomwelo lakokera timiyala kunja kwa dzenje n'kubwerera kukawakha. Aponyanso, n'kukankhira timiyalato m'dzenje, kamodzi kokha n'kutsala panja. M'kanthawi kochepa chonchi diso latsatira mwala, dzanja layeza mtunda, zala zasiyanitsa kamwala kamodzi pakati pa tambiri. Zimenezi ndi zomwe kulemba kumafuna, kuti diso ndi zala zimvane. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ngakhale mwambiwu umanena za kugwirizana kwa anthu, ukufotokozanso bwino chinsinsi cha dzanja: chala chachikulu chiyenera kukumana ndi cholozera mwamphamvu ndi molunjika, ndipo kukumana kumeneko ndiko kumagwira pensulo. Pakhomo pa Mpamba ntchito zolimbitsa zala ziwirizi n'zosawerengeka. Kusankha timiyala mumpunga wa ku dambo la Limphasa uli m'lichero, kuswa mtedza, kutonola chimanga, kunyenya chinangwa choviikidwa cha kondowole n'kuchiyala padzuwa, kusenda nthochi, kuthothola nkhwani, kupanira zovala pachingwe ndi mapegi, kumanga mabatani a malaya, kutunga mikanda kapena njere paulusi. Kunyanja, ku Kande ndi ku Chintheche, kuli kutola usipa ndi kuuyala pathandala, ndi kumasula mfundo za zingwe. Kuumba ng'ombe zadongo kumalimbitsa chikhatho chonse, kupinda mawaya a galimoto kumaphunzitsa zala kukhota, bawo imaphunzitsa kutaya njere imodziimodzi zina zili m'manja, ndipo mpira wa labala uja amagulitsa m'mbali mwa msewu cha ku Vizara ndi wabwino poufinya ndi pouwakha. Phewa ndi msana nazo zimafuna zake: kukwera mumtengo wa mango, kukwawa, kusesa, kukankha ndi kukoka. Sindikunena zomusandutsa mwana wantchito, kapena kumupatsa mpeni wakuthwa. Ndikunena kuti mwana wa zaka 3 mpaka 7 akafuna kuthandiza, tisamuthamangitse poti achedwetsa ntchito, ndipo akavutika ndi batani, tisamumangire msanga. Anyamata nawonso aloledwe kukhala pafupi ndi lichero, chifukwa vuto la kalembedwe limagwira anyamata ambiri kuposa atsikana.

Komabe apa ndiyenera kunena zoona zonse, kuopa kuti wina angamve ngati phada payekha aphunzitsa mwana kulemba. Mu 2011 akatswiri atatu a ku Canada anasanthula kafukufuku wosiyanasiyana wa njira zothandizira ana ovutika kulemba. Anapeza kuti njira zimene zinangolimbitsa zala popanda mwana kulemba zilembo zenizeni sizinasinthe kalembedwe, ndipo ngakhale zimene zinali ndi kulemba sizinaphule kanthu ngati maulendo oyeserera anali osakwana 20. Tanthauzo lake n'lakuti masewera ndi ntchito zapakhomo zimakonza munda, koma mbewu imene tikufuna kukolola tiyenera kuibzala ndithu. Mwana aphunzitsidwe zilembo, aonetsedwe poyambira ndi pothera, ayesere mobwerezabwereza. Chosangalatsa n'chakuti maulendo 20 si ambiri. Mphindi 10 patsiku, Lolemba mpaka Lachisanu, ndi milungu inayi yokha. Mphindi 10 za mtima uli m'malo zimaposa ola lathunthu la misozi.

Nanga mphindi 10 zimenezi tizigwiritse ntchito bwanji? Yambani ndi zazikulu. Sesani pabwalo, mupatseni kamtengo, alembe chilembo chachikulu ngati lichero, mkono wonse ukuyenda kuchokera paphewa. Alembe ndi chala pamchenga, ndi khala pachikatoni chokhomedwa kukhoma, ndi madzi pasimenti, chifukwa kulemba ataimirira kumalimbitsa phewa ndi kuwongola pamfundo ya dzanja. Polemba, pakamwa pazinena zimene dzanja likuchita. Pa chilembo cha a, nenani naye limodzi kuti zungulira ngati dzira, kwera, tsika. Musatsate zilembo kuyambira a mpaka z, koma muziike m'mabanja molingana ndi kayendedwe ka dzanja. Banja la l, i, t ndi u limayambira pamwamba kutsika pansi. Banja la c, o, a, d ndi g limayamba ndi kukhotera kumanzere. Banja la r, n, m, h, b ndi p limatsika, n'kukweranso, n'kudumphira kumanja. Zamizere yopendekeka zidze pomalizira. Akafika papepala, mupatseni pensulo yaifupi, kachidutswa kotalika ngati chala chanu, chifukwa yaifupi siifumbatika, imakakamiza zala zitatu kugwira ntchito. Ngati palibe tebulo, kathabwa kosalala kapena kampando kaafupi kamuthandiza kuti mkono ukhale ndi pogona, dzanja linalo litagwira kope. Zilembo zisanu zolembedwa mosamala zakwana. Kenako mufunseni asankhe yekha chimene chaoneka bwino koposa, anene chifukwa chake, pakuti diso lodziweruza lokha ndilo lidzamuwongolere pamene inu palibe. Musadere nkhawa akatembenuza b kukhala d, zimenezo zimachitika kwa ana ambiri mpaka cha m'ma zaka 7. Ndipo musamusiye pa kulondola timadontho tokha. Mu 2012 Karin James wa ku Indiana University anayeza ubongo wa ana a zaka 5 amene anali asanadziwe kuwerenga. Ena analemba zilembo okha, ena analondola zolembedwa kale, ena anadina pakompyuta. Mbali za ubongo zimene munthu amawerengera zinadzuka kwambiri mwa ana amene analemba okha, ngakhale zilembo zawo zinali zokhotakhota. Chilembo chopendama chimene mwana wavutikira yekha chikumanga kanthu m'mutu mwake.

Tsopano timve otsutsa, chifukwa alipo ndipo ena ndi anthu okonda ana awo. Woyamba akuti, ife tinaphunzira ndi lula pa zala, ndipo onani mmene timalembera bwino. Yankho langa ndi lakuti amene akuyankhula ndi amene anapirira n'kufika. Amene anathawa sukulu ali Sitandade 2 chifukwa choopa lula yemweyo sitiwafunsa maganizo, koma alipo m'mudzi uliwonse, ndipo ena mpaka lero amadinda chala posainira. Thupi lenilenilo likutsutsanso chikwapu. Munthu akachita mantha minofu imakungika, phewa limakwera, zala zimauma, ndipo kulemba kumafuna dzanja lomasuka. Kumenya zala zimene zikuphunzira kuyenda kuli ngati kupondaponda nazale kuti mbande zikule msanga. Unduna wa Zamaphunziro umaletsa kumenya ana m'sukulu, ndipo chifukwa chomwecho chikugwiranso ntchito pakhomo. Kumulembetsa tsamba lonse ngati chilango nakonso kumangokhomerera cholakwa, pakuti mwana amene akuyambira chilembo pansi m'malo mwa pamwamba akachibwereza maulendo 100, waphunzira kulakwitsako maulendo 100.

Wachiwiri akunena za mwana wamanzere. Mwambo wathu umalemekeza dzanja lamanja, ndilo lodyera, ndilo lopatsira moni, ndipo makolo ambiri akaona mwana watenga pensulo ndi lamanzere amamulanda n'kumuikira kumanja. Ulemu wa kulandira chinthu ndi manja awiri kapena kupereka moni moyenera mwana angaphunzire popanda vuto. Koma kulemba ndi ntchito ina. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse padziko lapansi ndi wamanzere, ndipo zimenezi zimachokera m'mapangidwe a ubongo, si mwano kapena tsoka. Kumukakamiza kulemba ndi dzanja limene ubongo wake sunalisankhe ndi kumuwonjezera mtolo pamwamba pa mtolo. Chimene akufuna n'chochepa: akhale kumapeto a kumanzere kwa desiki kuti chigongono chisagundane ndi cha mnzake, kope alipendeketse mutu wake uloze kumanja, ndipo pensulo aigwire motalikirako pang'ono ndi nsonga kuti aziona zimene akulemba.

Wachitatu ndi mphunzitsi, ndipo dandaulo lake ndi lomveka. Akuti, ndili ndi ana odzaza kalasi, ndingayang'ane bwanji zala za mmodzimmodzi? Palibe angamunene mphunzitsi wotereyu kuti ndi waulesi. Koma zambiri mwa zimene tatchulazi zimatheka ndi kalasi yonse nthawi imodzi ndipo sizifuna ndalama: kutuluka panja mphindi zochepa ana onse n'kulemba padothi, kulemba m'malere ndi mkono wonse akunena mawu a kayendedwe ka chilembo, kuika ovutikawo kutsogolo pafupi ndi bolodi, kuwachepetsera zokopera kuti alembe zochepa koma zabwino, ndi kuwapatsa mpata woyankha pakamwa kuti nzeru zawo zioneke. Komiti ya sukulu ndi gulu la amayi a pasukulu angathandize kupeza timatabwa tolemberapo, ndi kukambirana kuti madesiki ochepa amene alipo asamathere kwa akuluakulu okha. Chotsalacho ndi cha kunyumba. Kholo lina linganene kuti ine sindinapite kusukulu, ndimuphunzitsa chiyani? Agogo amene sadziwa chilembo n'chimodzi chomwe amadziwa kuumba, kuluka mkeka ndi kusankha mpunga, ndiye kuti theka la ntchitoyi ali nalo m'manja. Theka linalo mkulu wake wa Sitandade 6 angalichite, bola auzidwe kuti asakalipe.

Wachinayi akuloza foni. Akuti dziko lasintha, anthu akulemba pa WhatsApp, ndipo boma lenilenilo kuyambira 2023 likugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera m'ndondomeko ya BEFIT ya ana a Sitandade 1 mpaka 4. Matabuletiwo ndi olandiridwa, amapatsa mwana aliyense mpata wophunzira pa liwiro lake, chinthu chovuta m'kalasi yodzaza. Koma kukhudza galasi ndi chala chimodzi si ntchito yofanana ndi kuyendetsa pensulo ndi zala zitatu. Ku France, Marieke Longcamp ndi anzake anapeza mu 2005 kuti ana a sukulu ya mkaka okulirapo amene anaphunzira zilembo polemba pamanja anazizindikira bwino kuposa amene anaziphunzira podina mabatani. Ndipo moyo wathu wa tsiku ndi tsiku ukadali wa cholembera: buku la banki m'khonde, kaundula wa ngongole pagolosale, fomu ya kuchipatala, kalata yofunsira ntchito ku esiteti ya Kawalazi, ndi mayeso aja a MANEB. Luso la zala silithera papepala pokha. Telala, kalipentala, namwino wobaya jakisoni, makaniko ndi wokonza mafoni amene, onse amadya ndi zala zawo.

Wachisanu akuti musiyeni, akula nazo. Kwa ana ambiri n'zoona kuti nthawi, masewera ndi kuyeserera zimathetsa vutoli. Koma alipo ena amene kudikira kumawapweteka. Ana 5 kapena 6 mwa 100 aliwonse a msinkhu wa sukulu ali ndi vuto limene madokotala amalitcha dyspraxia, lakuti ubongo umavutika kulinganiza kayendedwe ka thupi ngakhale mwanayo ndi wanzeru, ndipo silimangotha lokha. Kalasi ya ana 100 ingakhale ndi ana otere okwana madesiki awiri kapena atatu. Zizindikiro zofunika kuzitengera kuchipatala ndi izi: mwana wa zaka 5 kapena 6 amene amagwetsa kapu kawirikawiri, amalephera supuni ndi mabatani, amapunthwa paliponse, mwana amene dzanja limodzi limakhala lofumbata kapena lofooka, mwana amene ankatha kuchita zinthu koma wasiya atadwala malungo aakulu kapena atakomoka, ndi mwana amene amayandikitsa kope kumaso kapena kutsinzinira poyang'ana pabolodi, pakuti nthawi zina vuto limene tikuliyesa la dzanja limakhala la maso. Njira yake ilipo. Yambani ndi alangizi a zaumoyo kapena chipatala chaching'ono cha Mpamba, mutatenga buku la kuchipatala la mwanayo. Iwo angakutumizeni ku chipatala cha boma ku Mkondezi, ndipo ku Mzuzu kuli a mafizo pachipatala chachikulu komanso a St John of God amene amathandiza ana ochedwa kakulidwe. Kumbali ya sukulu, mphunzitsi wamkulu ndi alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu (a PEA) angakulumikizeni ndi aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort m'boma la Chiradzulu. Mwana wotereyu sanalodzedwe, ndipo nthawi imene tingataye pofunafuna womulodza ndi nthawi yomwe zala zake zikanaphunzira mosavuta.

Omvera, boma lino la Nkhata Bay likudziwa mtengo wa cholembera kuposa madera ambiri. Amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, Atonga analandira sukulu ndi manja awiri, ndipo posakhalitsa ana a m'mbali mwa nyanja ino anali makalaliki ndi aphunzitsi m'migodi ndi m'matauni a Rhodesia ndi South Africa. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, anachoka kuno ndi maphunziro a mishoni, nagwira ukalaliki m'njira, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town, limene linagwedeza dziko lonse la South Africa. Anthu amenewa anayambira pa sileti ndi padothi, m'sukulu zofolera ndi udzu. Zimene zinakonza zala zawo, dongo, ukonde, mchenga ndi lichero, zikadalipo mpaka lero, ndipo ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, wodziwa mmene dzanja la mwana limakulira ndi zimene zimalipweteka. Mwana uja tinamusiya pasimenti, phewa lili kukhutu, pensulo itaboola pepala. Madzulo ano akabwera ndi kope lodzaza zizindikiro zofiira, musayambe ndi kopelo. Gwirani dzanja lake, muone mmene zala zikugwirira. Mukatero sesani pabwalo, thyolani kamtengo, mulembe naye chilembo choyamba cha dzina lake, chachikulu, mukunena limodzi kumene dzanja likupita. Mawa mubwerezenso, mkuja chimodzimodzi, mpaka masiku 20 akwane, kenako muyerekeze zimene walemba tsiku loyamba ndi za tsiku lomaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.